Dimba la Banja ndi Mudzi Wake: Mbiri ya Ndiwo Zamasamba ku Angónia

Mau Oyamba

Tikati mbiri, ambiri a ife timaganiza za mafumu, za nkhondo ndi za maboma. Timachula Cikuse, timachula Gomani, timachula caka cimene mbendera ya Apwitikizi inatsika. Zonsezo nzoona, ndipo ziyenera kuphunzitsidwa. Koma pali mbiri inanso imene ili pafupi nafe kuposa imeneyo, ndiyo mbiri ya zimene timadya. Paja nsima siyenda yokha, imafuna ndiwo. Ndipo kuno ku mapiri a Angónia ndi Tsangano, ndiwo zambiri zimacokera m'kamunda kakang'ono ka m'dambo kamene timati dimba.

Inu atsogoleri a makalasi a akulu, anthu amene mumawaphunzitsa kuwerenga ndi eni ake a madimba amenewa. Ena amafika m'kalasi matope a m'dambo akali ku miyendo. Nkoyenera tsono kuti tidziwe kumene ulimi umenewu unacokera, zimene wadutsamo, ndi cimene caucirikiza kufikira lero. Mbiri yake itiphunzitsa kuti dimba ndi la banja limodzi, koma silinaimepo lokha popanda mudzi.

Dziko ndi Nyengo Zake

Amene anakhalapo ku Tete, m'cigwa ca Zambezi, amadziwa kutentha kwa kumeneko. Koma munthu akakwera kubwera kuno, mphepo imasintha. Dziko lathu nlokwera: malo ambiri ali pamwamba kupitirira mamita 1,000 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000. Mvula imayamba m'Novembro kapena m'Dezembro, nkuleka m'Março kapena m'Abril. Ikaleka, munda wa kumtunda umauma gwaa, koma dambo limasunga madzi pansi pa udzu. Dothi lake nlakuda, lolemera, ndipo ukakumba pang'ono cabe madzi amatuluka.

Zinthu ziwiri izi, madzi a m'dambo ndi kuzizira kwa miyezi ya Maio mpaka Agosto, ndizo zinapatsa dziko lino mwai. Kabici, kacewere, anyezi ndi karoti ndi mbeu zokonda kuzizira. Kumene anzathu a kucigwa amalimbana ndi dzuwa, ife timalimbana ndi cisanu cimene cimatsikira m'madambo usiku wa Junho ndi Julho, nkuwaula nyemba ndi matimati. Mlimi aliyense amadziwa mbali ya dambo lake imene cisanu cimagona, ndipo sabzalako mbeu zanthete pa miyezi imeneyo.

Mbeu za Makolo ndi Mbeu Zobwera

Kulima m'malo a cinyontho nthawi ya cilimwe sikunabwere ndi azungu ai. David Livingstone, amene anayenda mu mtsinje wa Shire m'caka ca 1859, anapeza Amang'anja akubzala cimanga m'cinyontho ca m'mbali mwa madzi mvula itatha kale. Asanafike iye, m'zaka za 1831 ndi 1832, António Gamitto anadutsa m'dziko la Amaravi pa ulendo wocokera ku Tete kupita kwa Kazembe, ndipo m'buku lake la 1854 anafotokoza za ulimi wa anthu amenewa. Conco alendo aja anapeza khasu lili kale pa nchito.

Koma mbeu zimene zili m'dimba lero zinafika pa nthawi zosiyanasiyana. Zina nza mu Afrika momwe muno kuyambira kalekale: mapira, mawere, khobwe amene masamba ake timati citambe, nzama, mphonda, luni ndi therere lobala. Zina zinaoloka nyanja zitatha zaka za 1500, pamene zombo za Apwitikizi zinayamba kuyenda pakati pa Amereka, Ulaya ndi magombe a Afrika. Cimanga cinacokera ku Mexico. Cinangwa cinacokera ku Brasil. Maungu amene amatipatsa nkhwani, nyemba zimene zimatipatsa khwanya, mtedza wa nsinjiro, mbatata ya kholowa ndi tsabola, zonsezi kwao ndi ku Amereka. Nzodabwitsa eti? Nkhwani wotendera, amene timamuyesa ndiwo ya makolo yeniyeni, ndi mlendo amene anakhazikika nkusanduka mwini mudzi.

Gulu lacitatu ndi la mbeu zimene zinafala m'nthawi ya atsamunda. Kacewere kwao ndi ku mapiri a Andes ku South America, ndipo anafika kuno atadzera ku Ulaya. Kabici ndi wa ku Ulaya. Maina okha amaulula njira imene mbeu inadzera. Mau oti mbatata ndi batata wa Cipwitikizi. Mau oti kabici ndi anyezi anacokera ku Cingelezi, kutsidya kwa malire. Ndiye cifukwa cake pa msika umodzi womwewo mumamva wina akuti repolho, wina akuti kabici. Wina couve, wina repu. Malire amene Apwitikizi ndi Angelezi anagwirizana m'caka ca 1891 anadula dziko la anthu amodzi pakati, koma mbeu ndi maina ake zinapitirirabe kuoloka.

Tisaiwale ng'ombe. Angoni a Maseko atakhazikika pa Domwe ca m'ma 1870, motsogozedwa ndi Cidyaonga, khola linakhala pamtima pa mudzi. Khola ndilo limapereka manyowa, ndipo ng'ombe zomwezo ndizo zinadzayamba kukoka ngolo zonyamula manyowa kupita kudambo ndi matumba a kacewere kupita kumseu. Dimba la kuno ndi mwana wa makolo awiri: khasu la Acewa ndi khola la Angoni.

Caka ca M'dimba

Caka ca m'dimba cimayamba pamene caka ca kumunda cikutha. M'Março ndi m'Abril, cimanga cikuuma kumtunda, mlimi amafesa nazale pamalo okwera pang'ono, naphimba ndi udzu woyanika. Madzi a m'dambo akayamba kuphwa amalima, napanga mabedi kapena mizere italiitali kuti mizu isamire, nakumba ngalande zocotsa madzi oonjeza. Ngalande zomwezo ndizo zidzabweretsa madzi pa cilimwe. Mbande za matimati, kabici ndi mpiru zimaokeredwa zikatha ngati milungu 4 kapena 5 pa nazale, ndipo amaokera madzulo dzuwa litapepa.

Woyamba kucereza banja ndi mpiru ndi repu. Pakangotha mwezi umodzi ciokerereni, mai amayamba kuthyola masamba a m'munsi, nasiya mtima kuti uphukenso. Bedi limodzi limathyoledwa kwa milungu yambiri. Kabici amafuna miyezi ngati 3 kuti amange mutu. Kacewere amafuna miyezi 3 kapena 4, ndipo amamuundira dothi kuti dzuwa lisamubiriwitse. Anyezi ndiye wocedwa, miyezi 4 kapena 5, koma akauma bwino amasungika, ndipo amadikira mtengo wabwino ali pa tsindwi.

Agosto akafika, cisanu catha, mlimi amabzala matimati ambiri, nyemba, maungu ndi cimanga ca m'dimba. Apa mpamene nchito imawawa. Setembro ndi Outubro ndi miyezi ya dzuwa, zitsime zimatsika, ndipo kuthirira ndi m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku, osapumula. Kale ankathirira ndi zikho ndi mitsuko. Kenaka kunabwera ndowa ndi regador. Zitatha zaka za 2000 kunafala mapampu opalasa ndi miyendo, ndipo pambuyo pake mapampu a petulo kwa amene ali nazo ndalama. Cida casintha, koma lamulo silinasinthe: ukajomba masiku atatu pa Outubro, wataya nchito ya miyezi iwiri.

Phindu la thukuta limeneli limaoneka m'Dezembro ndi Janeiro. Imeneyi ndi miyezi imene nkhokwe imayamba kulira, cimanga ca kumtunda cikali m'maondo. Banja limene lili ndi dimba limayamba kukazinga mondokwa ndi kuphika nyemba zaziwisi pamene anzao akusaka ganyu. Mvula ikakula dambo limadzaza madzi, ndipo dimba limapumula. Amatsala ndi nzimbe ndi nthoci za m'mphepete. Pamenepo ndiwo zimacokera kumtunda: nkhwani, khwanya, citambe, bonongwe, cisoso ndi denje. Amai amafutsa zina, kuziwiritsa pang'ono nkuziyanika, nazisunga m'cikwatu ca masamba a msuku. Mfutso umenewu ndiwo umalumikiza dzinja ndi cisanu, kufikira mpiru wa m'dimba utayambanso. Mukaonetsetsa, mupeza kuti makolo anakonza caka conse kuti pasakhale mwezi wopanda ndiwo.

Mudzi Umene Umacirikiza Dimba

Tsono tifunse: kodi banja limodzi likanatha zonsezi palokha? Iai ndithu. Mutu umodzi susenza denga.

Poyamba pali malo. Dambo linali m'manja mwa mfumu, ndipo ndiyo inkagawa. Banja likalandira cigawo, cinkatsika m'mbumba mwa Acewa kudzera kwa amai, nkhoswe ikuyang'anira. Pakati pa mabanja otsata mwambo wa Cingoni cinkatsika kudzera kwa abambo. Malire sankalembedwa pa pepala. Ankadziwika ndi culu, ndi mtengo wa katope, ndi phata la nthoci, ndiponso ndi anthu amene analipo tsiku logawa.

Kaciwiri pali dima. Kuswa dambo latsopano, lokhala ndi mizu ya udzu yolukana, si nchito ya munthu mmodzi ndi mkazi wake. Mwini dimba ankafulula mowa, naitana anansi kuti abwere ndi makasu ao. M'mabanja a cikristu amene analeka mowa, thobwa linalowa m'malo mwake, koma mwambo unakhala womwewo. Amene walimiridwa lero, mawa ayenera kukalima kwa mnzake. Sipankalembedwa kaundula, koma mudzi unkadziwa amene amabwera pa dima ndi amene amangomva ali m'nyumba.

Kacitatu pali mpanda ndi ziweto. Anthu akatha kukolola kumtunda, ng'ombe ndi mbuzi zimatayiriridwa kuti zidye mapesi, ndipo cobiriwira cokha cimene zimaona ndi dimba. Ndiye cifukwa cake madimba oyandikana amamanga mpanda wolumikizana, wa minga, wa bango kapena wa mapesi. Mmodzi akasiya mpata, onse alira. Milandu ya mbuzi yodya mpiru yakhala ikuweruzidwa pa bwalo la mfumu mibadwo yonse, ndipo ndiyo inaphunzitsa anthu kuti ufulu wa mwini ng'ombe umathera pa mpanda wa mwini dimba.

Kacinai pali madzi. Mtsinje umodzi umadyetsa madimba ambiri. Wa kumtunda akatseka ngalande tsiku lonse, wa kumunsi mbeu zake zifota. Conco anthu anaphunzira kusinthana, wina m'mawa, wina madzulo, ndi kukumba citsime cimodzi mabanja angapo.

Ndipo potsiriza pali kudya. Mbande zotsala pa nazale sizitayidwa, zimapatsidwa kwa mnansi. Pamaliro, mai amene ali ndi dimba amafika ndi mtolo wa masamba popanda womuuza. Nkhalamba imene yatha mphamvu imalandira kamtolo kake. Wopanda ndalama amasinthanitsa ndi mbale ya cimanga, kapena amatenga pa ngongole kuti adzabweze pa masika. Akuluakulu amati kupatsa nkuika. Mwini dimba amadziwa kuti caka cimene cisanu cidzamuwaulira zonse, adzadya kwa omwe anawapatsa aja.

Nthawi ya Cibalo

Ulamuliro wa Apwitikizi utakhazikika, unabweretsa msonkho wa nyumba ndi cibalo. Dziko la Angónia linali ndi anthu ambiri, ndipo boma linkaliona ngati nkhokwe ya anchito. Amuna ankatengedwa kupita kutali, ambiri ku minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates ku Luabo ndi ku Marromeu. Ena, pothawa cibalo, ankayenda okha wapansi kupita ku Southern Rhodesia, kumene tinkati ku Halale, kapena ku migodi ya ku Joni. Lamulo la indigenato, limene linkaloleza zimenezi, linathetsedwa pa pepala m'caka ca 1961.

Nanga amuna atacoka, anatsala ndi khasu ndani? Amai, agogo ndi ana. Iwo ndiwo anasunga mbeu m'zikho ndi pamwamba pa moto, ndiwo anathirira, ndiwo anamanga mipanda. Tikamalemba mbiri ya madimba, tilembe bwino kuti kwa zaka zambiri inali m'manja mwa amai.

Ca kumapeto kwa ulamuliro wa atsamunda, alimi a Cipwitikizi anatenga malo abwino kuno, nalima cimanga ndi kacewere wogulitsa ku matauni. Anthu a m'midzi ankagwira nchito m'minda imeneyo, ndipo anaona kabzalidwe ka m'mizere yoyezedwa, feteleza ndi mankhwala opopera. Zina anazitengera ku madimba ao. Koma mtengo wa zokolola unkanenedwa ndi mwini kantini, ndipo wogulitsa wosadziwa kuwerenga sikelo ankangolandira zimene wapatsidwa. Mfundo imeneyi muisunge, abale, cifukwa ikukhudza nchito yanu.

Ufulu, Minda ya Boma ndi Nkhondo

Ufulu unafika pa 25 Junho 1975, ndipo alimi ambiri a Cipwitikizi anacoka. Minda yao inasonkhanitsidwa kukhala munda waukulu wa boma wochedwa CAIA, Complexo Agro-Industrial de Angónia. Msonkhano Wacitatu wa Frelimo, m'caka ca 1977, unaika ciyembekezo pa minda ikuluikulu ya boma ndi pa midzi ya pamodzi, aldeias comunais. Ndalama, mathirakitala ndi feteleza zinapita kumeneko. Dimba la banja linkaoneka ngati cinthu cakale cimene cidzatha cokha.

Zinayenda mosiyana. Thirakitala ikathyoka, citsulo cake cinkacokera kunja. Munda wa boma unkafuna anchito pa nthawi yomweyo imene anthu ankafunika ku minda yao. Ndipo malipiro analibe mphamvu, pakuti m'masitolo munalibe mcere, sopo kapena nsalu zoti munthu agule. Anthu ankasenza kacewere ndi nyemba kukagulitsa kutsidya kwa malire, kumene zinthuzo zinkapezeka. M'caka ca 1983, Msonkhano Wacinai wa Frelimo unavomereza kuti alimi a mabanja ananyalanyazidwa, ndipo m'1985 boma linamasula mitengo ya ndiwo zamasamba ndi zipatso. Koma kuno nthawi inali itatha. CAIA inagwa m'zaka zomwezo, nkhondo inafalikira m'midzi, ndipo m'1986 inalowa m'tauni ya Ulongwe. Midzi yathunthu inathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pofika kuciyambi kwa zaka za 1990, anthu a ku Moçambique othawira ku Malawi anapitirira 1,000,000.

Pa nthawi imeneyi panacitika cinthu cimene ciyenera kudziwika m'kalasi iliyonse. Cakudya ca cithandizo cinali ufa, nyemba kapena nandolo, mafuta ndi mtedza. Mtedza utasowa m'gawo, kunabuka nthenda ya pelagra, imene imadza thupi likasowa cakudya cochedwa niacina: khungu la m'khosi ndi m'manja limada nkusweka, m'mimba mumatseguka, ndipo mutu umasokonezeka. M'caka ca 1990 cokha, odwala oposa 18,000 anawerengedwa pakati pa othawa nkhondo kumwera kwa Malawi. Madokotala atafufuza anapeza kuti nthendayi inagwira kwambiri okhala m'misasa kuposa okhala m'midzi pakati pa eni dziko, ndiponso kuti kukhala ndi kamunda kunali cimodzi mwa zinthu zimene zinkateteza banja. Ambiri a kuno anali ndi mwai wolandiridwa ndi acibale ao a kutsidya, amene ena anawabwereka kacigawo ka dambo. Kamunda kamene akulu a mapulani ankakapeputsa kanaoneka kuti nkosunga moyo.

Kubwerera

Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, m'caka ca cilala coopsa. Anthu ambiri a kuno sanadikire magalimoto. Anasenza katundu nkuoloka malire wapansi. Madzi saiwala khwawa. Anapeza nyumba zitagwa, makola ali pululu, minda itamera thengo. Cimanga cikanafuna dzinja lathunthu kuti cidyedwe. Koma bedi la mpiru linayamba kupereka ndiwo patangotha mwezi ndi theka, ndipo mtolo woyamba wogulitsa unagula mcere ndi sopo. Mabanja ambiri anaimirira kucokera m'dambo, kenaka nkukwera kumtunda.

Kubwerera kunadzetsanso milandu. Wina anapeza dimba la amai ake likulimidwa ndi amene anafika msanga. Mboni zina zinali zitamwalira ku ukapolo wa nkhondo, ndipo mitengo ya malire inali itadulidwa. Lamulo la Malo la caka ca 1997, Lei 19/97, linathandiza pamenepa. Linanena kuti nthaka ndi ya Boma ndipo sigulitsidwa, koma linazindikira ufulu wa amene akhala pa malo motsata mwambo, ndi wa nzika imene yagwiritsa nchito malo mokhulupirika kwa zaka 10. Linalolanso umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe. Kunena kwina, lamulo linavomereza zimene mudzi unkadziwa kale, kuti cikumbumtima ca anansi ndico cikalata ca dimba.

Kucokera pamenepo msika unakula. Misika ya m'malire monga Lizulu, pa mseu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu, inadzaza ndi kacewere, kabici ndi matimati ocokera mbali zonse ziwiri. Mgodi waukulu wa malasha ku Moatize utayamba kutulutsa malasha m'caka ca 2011, tauni ya Tete inaculuka anthu, ndipo magalimoto okwera kudzapikula ndiwo anaculukanso.

Zimene Anacita Ena Kutali

Nzeru yoti mlimi wamng'ono amaima ndi anthu omuzungulira si yathu yokha. Ku Maputo, m'caka ca 1980, alimi a m'madambo ozungulira mzinda, ambiri a iwo amai, anayambitsa União Geral das Cooperativas mothandizana ndi wansembe wa ku Italy, Prosperino Gallipoli, ndipo Celina Cossa anautsogolera zaka zambiri. Pa zaka za nkhondo, minda yao inathandiza kudyetsa mzinda.

Ku Japan, kuyambira ca m'ma 1970, mabanja a m'tauni anayamba kupangana mwacindunji ndi alimi, njira imene amaicha teikei. Ku Geneva, m'dziko la Switzerland, munda wa Les Jardins de Cocagne unayamba m'1978. Ku United States, minda ya Indian Line ku Massachusetts ndi Temple-Wilton ku New Hampshire inayamba njira yofanana m'1986. Kacitidwe kake nkotere: mabanja amalipira mlimi nyengo isanayambe, ndipo mlungu uliwonse amalandira dengu la zimene zapsa pa nthawiyo. Zikaculuka, dengu limadzaza. Cisanu cikaononga, dengu limapepuka, ndipo sabweza ndalama. Ogula amasenza nao tsoka la mlimi.

Taonani kusiyana kwake ndi wopikula amene amagula bedi la kabici lisanakhwime. Nayenso amalipiriratu, koma amalipira zocepa cifukwa wapeza mlimi ali pa vuto, ndipo phindu lonse amapita nalo. Njira ya anthu akutali aja ikufanana kwambiri ndi dima kuposa ndi kupikula. Iwo anacita kuilemba pa pepala; makolo athu anaisunga m'mwambo.

Zimene Zili pa Ngozi

Msika wabweretsa malata pa nyumba ndi ana kusukulu, ndipo tisaunyoze. Koma wasinthanso zinthu. Dima likucepa, m'malo mwake muli ganyu, ndipo wopanda ndalama alibe womulimira. Pampu ya petulo imatha kumwa madzi amene kale ankakwanira mabanja angapo. Ena alima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ndipo mitengo ikatha ku mapiri, madzi a mvula amangothamanga osalowa pansi, dambo nkuuma msanga. Mbeu za m'mapaketi zimagulidwa caka ndi caka, pamene mbeu za agogo, za mpiru wowawa ndi za maungu a makolo, zikusowa wozisunga.

Tizirombo natonso tawonjezeka. Ciwawu ca kacewere ndi matimati cinalipo kale. M'caka ca 2016 m'dziko muno munapezeka kambozi ka matimati kochedwa Tuta absoluta, ndipo m'2017 munalowa nchemberezandonda za mtundu watsopano zimene zimadya cimanga, ca m'dimba comwe. Alimi amathamangira mankhwala. Koma botolo lililonse la mankhwala limanena muyezo wake ndi masiku oyenera kudikira usanathyole, ndipo limanena m'zilembo. Wosadziwa kuwerenga amapopera lero nkuthyola mawa, ndipo ndiwo zimenezo zimadyedwa ndi ana ake omwe.

Nchito ya Kalasi

Apa tsono mpamene mbiri imeneyi ikufika pa khomo panu. Yambani ndi mau amene ophunzira anu amawadziwa ndi manja ao: dimba, dambo, dima. Mau atatuwa akupatsani da, de, di, do, du, ndiponso mba, mbe, mbi, mbo, mbu. Mai amene walemba dimba koyamba sadzaiwala, pakuti walemba cinthu cake.

Jambulani pamodzi kalendala ya miyezi 12, ndipo pa mwezi uliwonse alembe cimene amafesa, cimene amaokera ndi cimene amathyola. Jambulani mapu a dambo la m'mudzi mwanu, ndi zitsime zake ndi maina a mabanja. Itanani nkhalamba ziwiri kapena zitatu, makamaka amai, ndipo muwafunse: dambo ili anagawa ndani? Kacewere anayamba liti kulimidwa kuno? Pothawa nkhondo munanyamula mbeu zanji? Pobwerera munayamba kubzala ciani? Ophunzira alembe mayankho m'kope, ndi tsiku lake, ndi maina a amene analipo. Kope limenelo lingadzathandize pa bwalo, tsiku limene mboni zidzakhala zitapita.

Pa phunziro la masamu, aliyense alembe zimene waononga pa bedi limodzi, mbeu, feteleza, mankhwala ndi ganyu, ndi zimene walandira pogulitsa. Ambiri adzadabwa. Bweretsaninso pepala la pa botolo la mankhwala, muwerenge nao pang'onopang'ono mpaka apeze okha pamene palembedwa masiku odikira. Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli mai wamasiye amene dimba lake lagonera cifukwa cosowa womuthandiza, kalasi yanu ingathe kupangana tsiku limodzi la makasu. Thobwa silivuta kuphika.

Zimene mudzalemba mutitumizire, kuti midzi ina iwerenge. Mbiri ya ku Domwe si yofanana ndi ya ku Tsangano, ndipo abale athu a m'mbali mwa nyanja ku Niassa ali nayo yao. Agogo amene anabisa mbeu m'nsalu pooloka malire akutha mmodzimmodzi. Tiwafunse caka cino, cilimwe cisanathe.